Zomveka M'tauni: Tonse Tasanduka Malimitedi

Zonse zayamba ndi ometa tsitsi a pasiteji pathu. Kwa zaka 12 akhala akutimeta m'kachipinda ka malata 6, momwe muli mipando iwiri, kalilole wosweka pakona ndi batire la galimoto lodikira kuti magetsi athime. Lolemba lina tinadzuka n'kupeza kuti pachikwangwani chawo, pansi pa chithunzi cha mutu wometedwa mwaluso uja, pamera zilembo zitatu za penti wofiira: LTD. Pentiyo asanaume n'komwe, mtengo wometera unali utakwera kale ndi K500.

Titadandaula, anatiyankha makina akulira m'khutu mwa kasitomala: "Akuluakulu, zimenezo musandifunse ine. Yagamula ndi bodi."

Tinafufuza za bodiyo. Akuti muli iwo eni ngati wapampando, mayi akunyumba ngati msungichuma, ndi mwana wawo wa Fomu 2 amene amasesa tsitsi Loweruka. Misonkhano yake imachitikira pamphasa, nthawi ya nsima yamadzulo.

Chiyambire tsiku limenelo nthendayi yafala ngati chikuku. Mayi wa mandasi akufunsa ngati beseni lingakhale Limitedi. Anyamata a kabaza akufuna dzina lothera ndi Holdings. Wokazinga tchipisi pachiwaya wayamba kudzitcha MD, ndipo ukamupempha kuti awonjezere kabichi akumati udikire alankhule ndi a zachuma. Ine ntchito yanga ndi kutchera khutu, ndiye masiku onsewa ndakhala ndikuzungulira, ndipo nazi zomwe ndatola.

Pabawo

Pansi pa mtengo wa mango mkangano unali pa tanthauzo la liwulo. Mkulu wina, amene amadziwa zonse kuyambira mpira mpaka mankhwala a shuga, anati Limitedi ndiye kuti kampaniyo ili ndi ndalama zochepa, ndipo boma limaikakamiza kulemba choncho kuti anthu asamaikongoze. Wina anatsutsa, akuti chochepa ndi katundu, muzigula msanga asanathe. Mnyamata wogulitsa mayunitsi, amene palibe anamufunsa, anaponyamo lake: "Madala, ine yanga ndikadzalembetsa idzakhala Unlimited, ngati bandulo ya usiku. Za malire ine ayi."

Akalaliki a kukhoti opuma ntchito, amene nthawi yonseyi anali phee kuwerengera njere, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mwana wanga, ya Unlimited iliko ndithu m'lamulo, ndipo ukaifuna akulembera. Koma tsiku limene idzagwe, masherifi sadzaima pashopu. Adzafika mpaka kuchipinda, kunyamula matiresi, wailesi, ngakhale mbuzi za amayi ako ngati zili m'dzina lako."

Kenaka anaimitsa masewero. Anafafaniza bawo lonse, amene anali pafupi kudya akulira, n'kuthira njere 30 m'dzenje limodzi, njere 10 m'dzenje lina.

"Dzenje lalikululi ndinu: nyumba, munda, njinga, ndalama za fizi. Laling'onoli ndi kampani: mpamba umene mwaikamo, katundu wa m'shopu ndi ngongole zake. Mukalembetsa kampani, boma limavomereza kuti maenjewa ndi awiri. Kampani ikakongola simenti n'kulephera kubweza, mwini simenti amadya za m'dzenje la kampani lokha. Zikatha, zatha. Malire amene akunenedwawo ndi a pomwe ngongole ya kampani ingakutsatireni. Ngati munatenga masheya 100 a K1,000 imodzi, ndipo K100,000 yonseyo munalipira, mwataya imeneyo basi. Ngati munalipira theka, adzabwera kudzafuna theka linalo, osapitirira apo."

Odziwa zonse aja anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi zomwe amatanthauza iwo poyamba pomwe.

Atatenthedwa, akalaliki anatulutsa nkhani imene aliyense wophunzira malamulo ku Chanco ku Zomba amaidziwa ngati dzina la agogo ake: mlandu wa Salomon. Wina anafunsa ngati ndi yemwe uja wa akazi 700. Ayi, uyu anali Aron Salomon, wosoka nsapato zachikopa wa ku Whitechapel mu London, ndipo mkazi anali naye mmodzi. Mu 1892 anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Lamulo la ku England nthawi imeneyo linkafuna anthu 7, ndiye mkuluyu sanapite patali: analemba mkazi wake ndi ana ake 5, aliyense sheya imodzi, iye n'kutenga 20,001 mwa masheya 20,007. Posakhalitsa malonda a nsapato anavuta, kampani inagwa. Okongoza anati asatipusitse ameneyu, kampaniyi ndi Salomon yemweyo, wangovala chipewa china, alipire za m'thumba mwake. Makhoti awiri anagwirizana nawo. Koma kumapeto kwa 1896 bwalo lalikulu la House of Lords linakana: kampani yolembetsedwa motsata lamulo ndi munthu payokha, wosiyana ndi amene anaibereka. Malamulo athu a zamalonda anachokera komweko, choncho chigamulo cha wosoka nsapatoyu chikugwirabe ntchito ku Limbe lero lino.

"Mwamva?" anatero wina. "Ndiye kuti ometa aja sanalakwe kulemba mkazi ndi mwana."

Akalaliki anati udayilekitala ndi wa munthu amene wakwana zaka 18, wa Fomu 2 apitirize kusesa. Komanso masiku ano palibe chifukwa chobwerekera mayina a abale. Lamulo la makampani la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa lakale la 1984, limalola munthu mmodzi kukhala mwini masheya onse komanso dayilekitala yekhayekha. Mnyamata wa mayunitsi anati zimenezo ndiye zabwino, msonkhano wa bodi azipangira kubafa.

M'minibasi

M'mawa mwake, nkhani yoti kampani ndi munthu inali itakwera kale minibasi yochokera ku Limbe. Kondakitala ataona bambo wa tayi atakumbatira chikwama pamiyendo, anafunsa mwaulemu wokayikitsa: "Bwana, m'chikwamamo muli kampani?" Bambo aja anadzikonza kolala n'kuvomera kuti zilimo ziwiri, ya zomangamanga ndi ya General Dealers. "Ndiye mulipire anthu atatu. Akuti kampani ndi munthu."

Anthu anaseka chikhakhali. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati munthu ameneyu angakwatire, poti ali ndi mwana wamkazi amene watopa ndi amuna opanda adiresi. Mphunzitsi amene anapanikizika pakati pa thumba la makala ndi chitseko anayankha osaseka. Anati kukwatira sangathe, koma kugula malo, kutsegula akaunti kubanki, kulemba anthu ntchito, kusumira ena ndi kusumiridwa, zonsezo amachita m'dzina lake. Sadwala malungo, ndipo amene anamubereka akamwalira, iye amatsala ali moyo. Mayi aja anawomba m'manja: "Ameneyo ndiye mkamwini!"

Tikudutsa pa Chichiri, nkhani inatembenukira ku makampani a m'chikwama. Anthu sanaiwale Cashgate ya 2013, pamene makampani opanda ngakhale wilibala ankalandira macheke a boma pa katundu amene sanaperekedwe. Sanaiwalenso za 2022, pamene K750 miliyoni yogulira feteleza wa AIP inapita ku kampani ya ku Britain imene inapezeka kuti ntchito yake ndi ya nyama. "Nayonso inali Limitedi," anatero kondakitala akubweza chenji chosakwana. Ngakhale chenji chinali chopereŵera, mfundo yake inali yokwana. Satifiketi imangonena kuti mwana wabadwa. Za khalidwe lake sinenapo kanthu. N'chifukwa chake masiku ano polembetsa amafunanso kudziwa eni ake enieni, amene amadya phindu kuseri, osangoti wogwira ntchito kumunda amene dzina lake lalembedwa papepala iye osadziwa.

Mphunzitsi anawonjeza kuti ambiri amene akuthamangira kulembetsa akufuna matenda a boma. Gogo wina anadzidzimuka n'kufunsa kuti munthu wabwinobwino angafune bwanji matenda. Anamufotokozera kuti akunena a tenda, osati a kuchipatala, ndipo kuti ofuna kugulitsa katundu kuboma ayenera kulembetsanso ku PPDA. Gogoyo anati kwa iye onsewo ndi amodzi, poti onse amaondetsa dziko.

Bambo wa tayi anatsika pa Ginnery Corner atalipira munthu mmodzi.

Ku saluni

Ku saluni nkhaniyi inafika ili ndi minga. Mayi wina, mutu uli m'makina owumitsira tsitsi, anaulula kuti anadziwira kubanki kuti iwo ndi dayilekitala. Chaka chatha bambo akunyumba anabwera madzulo ndi mapepala n'kunena kuti, "Amake mwana, tasayinani apa ndi apa, n'za kusukulu." Anasayina mthiko uli kumanja, nsima ili pamoto. Chiphaso cha unzika bambo anali atachitenga kale ponena kuti akukalembetsa simukhadi. Lero makalata okumbutsa ngongole akubwera ali ndi dzina lawo pamwamba.

Mwini saluni, amene mchemwali wake amagwira ntchito ku ofesi ya maloya, anaika chipeso pansi. Anati udayilekitala si dzina loti a MC azikutamandirani nalo paukwati. Dayilekitala ndiye amene lamulo limamuyang'ana kampani ikamazemba msonkho, ikamabisa mabuku, kapena ikamapitiriza kukongola pamene aliyense akuona kuti singabweze. Zikafika pamenepo khoti lingathe kugumula mpanda wosiyanitsa kampani ndi eni ake n'kulowa m'nyumba mwa dayilekitala. Mawu oti "ine ndinangosayina" kawirikawiri sapulumutsa munthu. Mayi aja anatulutsa mutu m'makina tsitsi lisanaume, akuti akukaitanitsa msonkhano wa bodi usiku womwewo, ndipo wapampando afotokoze bwino.

Wina amene ankalukidwa pakona anawonjeza yake. Iye ndi mwamuna wake analembetsa bwinobwino kampani yogula ndi kugulitsa soya ndi nandolo, n'kumagona tulo tabwino poganiza kuti nyumba yawo yatetezeka. Atapita kukatenga ngongole, a banki anayang'ana satifiketi, anaiyamikira, kenaka anafunsa kuti kampaniyi ili ndi chiyani. Inali ndi chidindo, sikelo ndi matumba 200 opanda kanthu. Ndiye anawatulutsira pepala lina, loti iwo eni alonjeze kuti kampani ikalephera adzabweza okha, chikole chake mapepala a nyumba. Mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mitengo inagwa pansi, ndipo banjali linatsala pang'ono kugona panja. "Mpanda tinamanga, asisi," anatero, "koma geti tinatsegula tokha ndi bolopeni."

Pamene saluni yonse inkagwirizana kuti Limitedi ndi msampha, mayi wamasiye amene amangodikira nthawi yake anatsokomola. Anati amuna awo atamwalira, achimwene a malemu anafika ndi lole misozi isanaume, kudzazula chigayo. Iwo anangolowa m'nyumba n'kutulutsa fayilo. Chigayo, nyumba yake ndi mita ya magetsi, zonse zinali m'dzina la kampani, momwe mayiwo anali ndi theka la masheya. Za malemu zinali masheya awo okha, ndipo amenewo amagawidwa motsata wilo, kapena motsata lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika patsogolo mkazi ndi ana, n'kunenetsa kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Alamu aja anabwerera ndi lole yopanda kanthu, hayala atalipira kale. Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsewu.

Pachinkhoswe

Loweruka pachinkhoswe tinasokonezeka mitu ndi mphwathu wina amene wabwera kutchuthi kuchokera ku South Bend ku Indiana, kumene akuti ukayetsemula amene akuti pepani ndi Mmalawi. Mnyamatayu chilichonse ndi LLC. Galimoto yake yonyamula katundu ndi LLC, mnzake wosamalira okalamba ndi LLC, ndipo amafuna kudziwa kuti LLC angatsegule bwanji kuno. Malume ake, mtchona wa ku Joni, anati kulibe zimenezo, dzina lake ndi Pty. Mlamu wa ku Chipata anati nonse mukunama, nkhani ndi kupita ku PACRA. Anakangana mpaka kuiwala kukafupa.

Onsewa amanena nyama imodzi, kusiyana kwake ndi mawanga. LLC ndi mtundu wa ku America. Unayambira ku Wyoming mu 1977, ndipo chigawo chilichonse kumeneko chili ndi lamulo lakelake. Umatchinjiriza eni ake monga kampani, koma pa msonkho kawirikawiri phindu limawerengedwa ngati lalowa m'thumba mwa mwini wake mwachindunji. Ku South Africa kuli Pty Ltd yolembetsedwa ku CIPC, ku Zambia amalembetsa ku PACRA, ku Britain ku Companies House. Kwathu kuno anthu amati akupita kwa Registrar General. Kampani ya anthu ochepa, osapitirira 50, dzina lake limathera ndi Limited, pamene zikuluzikulu zogulitsa masheya kwa aliyense, monga Press Corporation ndi National Bank, zimathera ndi plc. LLC ya ku Indiana singatsike pa Chileka n'kuyamba kugulitsa matayala. Iyenera kulembetsedwa ngati kampani yakunja, apo ayi mwini wake abereke ina yakuno.

Agogo ena amene ankamenyana ndi fupa la nkhuku anafunsa kuti tikudabwa chiyani, iwo anakula ndi Mandala. Anali ndi mfundo. Mandala inali kampani ya African Lakes, imene inabadwira ku Glasgow mu 1878, ndipo dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi mwa abale awiri amene ankaiyendetsa. Nyumba yawo ya 1882 ikadalipo mu Blantyre. A Moir onse awiri anapita kalekale, koma kampani yawo inatsala kwa zaka zambiri ikugulitsabe katundu mpaka kwa zidzukulu za makasitomala awo.

Loya kapena dobadoba

Apa ndiye pagona nkhani. Tauni yathu imakangana pa chilichonse, koma pa chinthu chimodzi imagwirizana: loya ndi wodula. Akuti ukangomupatsa moni, wotchi yayamba kale kuwerenga. Akuti ukamufunsa njira ya kumsika, mawa lake ulandira bilu. N'chifukwa chake ambiri amathamangira kwa madobadoba, anyamata a mafayilo kukhwapa, amene amalonjeza kampani yathunthu pofika Lachisanu, chidindo chaulere.

Alamu awiri a m'dera mwathu anachita zomwezo. Wina anali ndi ndalama za penshoni, wina anali ndi luso la malonda a hadiweya ndi pikapu yakale. Anagwirana chanza kuti zonse n'zapakati, 50 kwa 50, poti chibale ndi fupa sichiwola. Dobadoba anawabweretsera mpukutu wa mapepala wokutidwa bwino ndi pulasitiki wabuluu, iwo n'kusayina osawerenga. Chaka choyamba zinayenda mpaka kusoketsa mayunifolomu. Chaka chachiwiri wapenshoni anafuna kuti phindu ligawidwe amalize nyumba, wapikapu anafuna kuti ligule lole. Kuvota, mmodzi kwa mmodzi. Kuvotanso, chimodzimodzi. Cheke chimafuna masiginecha awiri, ndiye palibe anasayinira mnzake. Antchito anakhala miyezi itatu osalandira, simenti inauma m'shopu.

Atatsegula mpukutu uja kuti aone zomwe umanena anthu akasemphana, anapeza kuti patsamba 4 pakadali dzina la kampani ina, yogulitsa usipa. Za kusemphana, za kutuluka, za pikapu, munalibe ngakhale mzere umodzi. Lero aliyense ali ndi loya wake, mlandu uli kukhoti la zamalonda, ndipo akazi awo, amene ndi a bere limodzi, amapatsana moni pamaliro pokha. Ndalama imene anakana kulipira loya mmodzi kwa masana amodzi, akulipira maloya awiri chaka chachiwiri tsopano. Dobadoba uja foni yake sikupezeka.

Nkhaniyi ndinaifotokozera loya wachitsikana amene tili naye mu komiti ya ukwati kutchalitchi. Ndinayamba ndafunsa ngati wotchi yayamba kuwerenga. Anaseka n'kunena kuti lero ndi Lamulungu.

"Achimwene," anatero, "kulembetsa kwenikweniko sikuvuta. Munthu amene ali yekha, bizinesi yake yopanda zambiri, angathe kuchita yekha pa intaneti: kufufuza ngati dzinalo lili ndi mwini kale, kulemba eni masheya ndi madayilekitala, adiresi ya ofesi, ziphaso, kulipira, basi. Ife timafunika pomwe pali anthu awiri kapena kuposa, pomwe pakulowa malo kapena nyumba, pomwe wina akuika ndalama zambiri, kapena pomwe mnzanuyo ali kunja. Ntchito yathu ndi kufunsa mafunso amene inu mukuchita nawo manyazi."

Ndinamupempha kuti andipatseko mafunsowo poti linali tsiku laulere. Anawerenga pa zala. Pikapuyo mwaipereka ku kampani kapena mwangoibwereketsa? Amene azikhala m'shopu kuyambira m'mawa mpaka madzulo azilandira malipiro, kapena azidikira phindu limodzi ndi amene ali kunyumba? Mukasemphana agamule ndani? Wina akafuna kutuluka, masheya ake agulitse kwa ndani, ndipo mtengo autchule ndani? Wina akamwalira, mkazi wake alowe mu bodi kapena apatsidwe ndalama? Anati mayankho ake amalembedwa m'malamulo oyendetsera kampani ndi m'pangano la eni masheya, ndipo nthawi yake yolemba ndi pamene anthu akumwerabe tiyi limodzi. Akayamba kutchulana mayina a makolo, palibenso amene angasayine.

Asanalowe kwaya, anandipatsa banyira. Funsani ngati loyayo ali ndi laisensi ya chaka chino, poti si aliyense wa suti yakuda amene ali loya, ndipo a Malawi Law Society amawadziwa anthu awo. Gwirizanani mtengo musanayambe, ulembedwe, ndipo musiyanitse kuti za boma ndi zingati, za iye ndi zingati. Landirani lisiti. Dziwaninso kuti loya amene akukonza mapepala a kampani sakuimira inu nokha, choncho ngati mukuikamo penshoni yanu yonse, n'kwanzeru kuti wina akuwerengereni mapepalawo panokha. Ndinafunsa za Legal Aid Bureau. Anati amenewo alipo kuti athandize anthu osowa pa milandu yawo, ndiye MD wa Holdings akalowa kumeneko ndi tayi, ayambe wafotokoza bwino umphawi wake.

Mwana amafuna phala

Pachiimilire ndinakumana ndi akauntanti wina akudya nsima ya chambiko. Anati anthu a m'tauni muno akukondwera ndi kubereka, kuiwala kuti mwana amafuna phala tsiku lililonse. Satifiketi ikangotuluka, pakufunika TPIN ya ku MRA. Pa K100 iliyonse ya phindu, K30 ndi ya msonkho, ndipo ngakhale chaka chimene phindu palibe, mapepala amafunika kuperekedwa ndithu. Chaka ndi chaka pamafunika lipoti kwa Registrar, ndipo kampani yongokhala chete ingathe kufufutidwa m'kaundula. Pali laisensi ya khonsolo. Mukalemba antchito pali PAYE ndi penshoni, bwana kusonkha 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5.

Koma chimene chimapha makampani athu, akuti, ndi dzanja la MD. M'mawa latenga m'kabati ya shopu za ndiwo, masana za chipepeso, madzulo za kamodzi kozizira, mwezi ukatha za fizi. Ndalama ya kampani iyenera kukhala ndi akaunti yakeyake, ndipo imatulukira pa makomo odziwika: malipiro, gawo la phindu, kapena ngongole yolembedwa. Amene amasakaniza matumba awiriwa amakhala akusonkhanitsira okongoza umboni woti kampani yake ndi chipewa chabe. Ndipo zolakwa zako ndi zako. Ukagunda munthu ukuyendetsa wekha galimoto ya kampani, LTD ya pachitseko sikakuyankhira kupolisi.

Akusamba m'manja, ananong'oneza chinsinsi china. Ambiri amene akuyenda ndi satifiketi m'mapulasitiki m'tauni muno analembetsa dzina la bizinesi lokha, motsata lamulo lina la 2012. Pepala limenelo ndi labwino, n'lotsika mtengo, kubanki amalilandira, ndipo kwa wamalonda ang'onoang'ono n'lokwanira. Koma mpanda mulibe. Iwe ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi, dzenje limodzi, ngongole imodzi.

Kwa ometa

Lachisanu ndinabwerera kukameta. Ndinapeza akalaliki atakhala kale pampando, nsalu ili m'khosi, akupempha mwaulemu kuti aone satifiketi ya kampani. Ometa anaitulutsa kuseri kwa kalilole monyadira. Akalaliki anavala mandala awo, anawerenga kawiri, n'kupumira m'mwamba. Inali ya dzina la bizinesi basi. Zinadziwika kuti LTD anawonjezera ndi wolemba zikwangwani, pa K3,000, ataona kuti kumapeto kwatsala malo.

Akalaliki anawauza mosapsatira kuti kudzilemba Limited usanalembetse kampani n'kunamiza anthu, lamulo silisekerera, ndipo pentiyo sangatchinjirize ngakhale chipeso chimodzi. M'mawa mwake zilembo zitatuzo zinali zitakwiriridwa ndi penti woyera, ngakhale dzuwa likawomba zikuonekabe pang'ono.

Chomwe chasintha ndi pansi pa tebulo. Pali zitini ziwiri tsopano, china cholembedwa SHOPU, china NYUMBA, ndi kope momwe akulemba mutu uliwonse umene wametedwa. Akuti mlamu wawo akufuna kuikamo ndalama kuti atsegule nthambi ku Bangwe, koma amuuza kuti palibe kusayina chilichonse asanakhale pansi ndi loya, pikapu ya anzawo aja yawaphunzitsa. Akalaliki akuti zitini ziwirizo zili pafupi ndi Limitedi kuposa penti wa K3,000.

Inunso owerenga, ngati zilembo zitatuzo zikukuyabwani, yambani ndi zitini ziwiri, ndipo ngati muli awiri, pitani kwa loya mukadali kusekererana. Za K500 ija musavutike n'kufunsa, mtengo sunatsike. Akuti bodi inathetsedwa isanakambirane nkhani imeneyo.